Pa fensi ya njerwa tidzale maluwa oyanga kapena timitengo ta maluwa?

Mayi wa ku 49:
Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano. Ndabwera ndi nkhani yanga chonde mundithandize maganizo. Tinalowa nyumba yathu kuno ku Area 49 chaka chatha ndipo fensi tinamaliza koma ndi njerwa zokhazokha zosapaka pulasitala, ukakhala pakhonde masana maso amachita kuwawa ndi kufiira kwake, fumbi nalo nde losanena. Ndikufuna mvula ikangoyamba mu Novembalamu ndidzalepo maluwa. Dzulo ndinaima pa anyamata ogulitsa maluwa m'machubu m'mbali mwa msewu aja, wina akuti tengani boganivila mayi, wina akuti golden shower choyanga chamaluwa a olenji chija, winanso akuti ayi zoyanga zimagwetsa fensi tengani hibisikasi ndi duranta mupange heji. Ndabwerako mutu uli balala osagula kanthu. Ndili ndi ana awiri wina zaka 3 wina 6, kagalu kamodzi, ndipo madzi ndi a pampopi olipira nde sindingamathirire m'mawa ndi madzulo. Amene munadzalapo ndiuzeni zoona zake, zapachithunzi ndaziona kale.

Wa ku Chilomoni:
Boganivila basi asisi, musavutikenso. Ikangogwira simuyithiriranso

Aphunzitsi opuma a ku Zomba:
Mwaswera bwanji mayi. Ine ndakhala ndi boganivila pakhomo panga zaka zambiri ndipo pa nkhani ya madzi achimwene a ku Chilomoniwa akunena zoona, chomera chimenechi chimakonda dzuwa ndi chilala, mukachithirira kwambiri kapena kuchipatsa feteleza wa urea chimangobiriwira masamba okhaokha maluwa osaoneka. N'chifukwa chake mumachiona chitayaka mu Ogasiti mpaka Okutobala pomwe zina zonse zauma. Kwawo ndi ku South America, cha ku Brazil, ndipo dzinalo ndi la mkulu wa sitima wa ku France, Bougainville, amene anzake a paulendo anachipeza kumeneko. Chinanso chomwe ambiri sadziwa, zofiira kapena zapepo zomwe timati maluwa zija ndi masamba chabe osintha mtundu, duwa lenileni ndi kakang'ono koyera kamene kali pakatipo, mukaone bwino mawa. Koma ndisakubiseni, ili ndi minga yoopsa. Minga yake ndi imene imakwerera, ilibe timanja togwirira khoma ayi, imangokola pomwe yapeza. Nde muli ndi mwana wa zaka 3 woyenda opanda nsapato, nthambi imodzi yodulidwa ikatsalira pansi ndi nkhani ina.

Mayi wa ku 49:
Eee agogo zikomo, zakaduwa koyerako sindimadziwa. Mingayo nde ikundiopsa, wamng'onoyu nsapato amavula pageti pomwe

Wa ku Chilomoni:
Koma mingayo ndi sekyulite yaulerenso asisi. Kwathu mbali yakuseri komwe anyamata ankadumphira kudzaba zovala pachingwe ndinadzala mitengo 4 ya boganivila yofiira, pano palibe amene amayesa

Mayi wa nazale ku Bvumbwe:
Ndilowepo poti ntchito yanga ndi yomweyi. Choyamba amayi a ku 49 ndikufunseni, fensiyo anamangira simenti kapena dothi? Nanga ili ndi mapilala? Chifukwa anthu amati zoyanga zimagwetsa fensi koma nthawi zambiri fensiyo imakhala inali yofooka kale, yamzere umodzi wa njerwa yomangira matope, nde mukaisenzetsa chimtolo cha golden shower chonyowa ndi mvula ya mu Januwale mphepo n'kuomba, imapita pansi yonse. Golden shower ikakula imalemera zedi ndipo mkati mwake mumadzaza nthambi zouma zomwe simuziona kunja. Kukongola kokha sindikana, mu Juni ndi Julayi kukuzizira imatsika ngati nsalu ya olenji pakhoma lonse, aliyense wodutsa amaima. Koma ndi miyezi iwiri kapena itatu basi, kwinako ndi masamba ndi ntchito yodula. Ikafika padenga imalowa pansi pa malata, imatseka gatala, ikapeza waya wa magetsi imakwera.

Mayi wa ku 49:
Ndi ya simenti ndipo mapilala alipo, anaika pa mamita atatu alionse ndikuganiza

Mayi wa nazale ku Bvumbwe:
Nde ilibe vuto. Koma musalole chomera kugona pamwamba pa fensi penipeni. Khomani misomali ya konkire kapena tizitsulo m'mapilalamo mukoke waya mizere itatu, chomeracho muzichimangirira ku wayayo ndi tinsanza, chikapitirira msinkhu wa fensi mukudula. Ndipo podzala musagundike khoma, siyani mpata ngati theka la mita kapena kuposerapo, pafupi ndi khoma dothi limakhala louma komanso lodzaza zidutswa za njerwa ndi simenti zomwe amisiri anasiya. Kumbani dzenje lofika m'bondo muchotse zinyalalazo muthire manyowa owolerana bwino, osati a nkhuku aawisi amaotcha mizu.

Bambo wa ku Namiwawa:
Pali china chomwe mayi a nazale sanatchule ndipo ndikuchenjezeni ndi mtima wonse, kachomera kamasamba ang'onoang'ono kamene kamamata khoma ngati kalipeti, ena amati tickey creeper. Kakadali kakang'ono kamaoneka bwino kwambiri khoma lonse gilini, ine ndinakopeka nako. Patatha zaka zingapo masamba anayamba kutuluka akuluakulu, nthambi kunenepa ngati dzanja, mizu kulowa m'ming'alu. Tsiku lomwe tinati tikachotse kanachoka ndi pulasitala yemwe, khoma linatsala zipsera zokhazokha ndipo ndinalipiranso mmisiri. Ndi mtundu wa mkuyu umene uja, nde mukudziwa mizu ya mkuyu mmene imachitira. Maluwanso simuwaona.

Wa ku Area 25:
Ine zoyanga ndinasiya kalekale chifukwa cha njoka. Zimaitana njoka zimenezi

Aphunzitsi opuma a ku Zomba:
Achimwene, chomera sichiitana njoka. Njoka imatsata chakudya ndi pobisala. Mukasiya chiyangoyango chowirira mpaka pansi, masamba ouma ataunjikana, mumabwera makoswe, abuluzi, achule ndi mbalame zomanga zisa, njoka nayo imabwera pambuyo pawo. Heji ya duranta yosasamalidwa imasunganso njoka chimodzimodzi. Ine kunsi kwa boganivila wanga ndimasadza kuti tsinde lizioneka mpaka m'chiuno ndipo pansi timasesa, ukaima uku umaona mpaka kukhoma.

Wa ku Area 25:
Mwina nde vuto linali limenelo agogo, kwathu kunali kowirira zedi sitinkadula

Nesi wa ku Mzuzu:
Ine ndikufuna ndiyankhulepo za anawo chifukwa aliyense akukamba kukongola. Amayi a ku 49 pali maluwa ena omwe ali mbwee m'makomo mwathu koma ndi poizoni weniweni. Woyamba oleander, kamtengo kamasamba aatali osongoka kamaluwa apinki kapena oyera, ndi mnzake wamaluwa achikasu ooneka ngati belu amene amabereka tizipatso tobiriwira tokhala ndi njere yolimba mkati, ana amakonda kuseweretsa njerezo. Zonse ziwirizi zimaononga mtima, masamba, utomoni, njere, chilichonse, ngakhale nkhuni zake musaotchere nyama. Allamanda wamaluwa akuluakulu achikasu uja utomoni wake woyera umayabwa pakhungu ndipo mwana akadya amatsegula m'mimba. Duranta amene akuuzani kuti mupange hejiyo akasiyidwa osameta amabereka tizipatso taolenji tolendewera ngati mikanda, tokopa mwana, ndipo ndi toipa kwa ana ndi agalu omwe. Nkhadze nde tonse tikuidziwa zomwe imachita m'maso. Sindikuti muope maluwa onse ayi, koma pomwe pali mwana wa zaka 3 chilichonse chimapita kukamwa.

Mayi wa ku 49:
Mayo ine, wachikasu wanjereyo ali pakhomo pa aneba ndipo ana anga amakasewera komweko. Zikomo anesi ndikawauza mayi akumeneko lero lomwe

Mayi wa nazale ku Bvumbwe:
Anesi anena zoona. Pa duranta ndingowonjezera kuti wachikasu wa heji uja mukamameta pafupipafupi sapeza mpata wochita maluwa nde zipatso sizibwera, vuto ndi loti nthawi ya dzinja amafuna sizasi pafupifupi masabata awiri kapena atatu alionse. Anthu amagula poona heji yowongoka bwino pa ofesi osadziwa kuti pali munthu wolembedwa ntchito yometa yokhayo. Ngati pakhomo palibe wogwira sizasi musayambe.

Mnyamata wa ku Joni:
Moni makolo. Kuno ndimagwira ntchito ya m'magadeni ku Johannesburg chaka chachisanu tsopano nde ndiponyepo zomwe ndaona. Chonde chonde lantana musadzale olo akupatseni ulere, uja wa timaluwa tosakaniza pinki, chikasu ndi olenji pa kamutu kamodzi, masamba ake onunkha mukawafikisa. Kuno boma linauika pa mndandanda wa zomera zosaloledwa, ukapezeka pamalo pako uyenera kuuzula. Unabwera ngati duwa la pakhomo kuchokera ku America koma mbalame zimadya zipatso zake n'kumwaza njere paliponse, umalanda malo odyetsera ziweto ndipo ng'ombe zikadya umaononga chiwindi. Kumudzi kwathunso ndauona wadzaza m'mbali mwa mitsinje. Chimodzimodzi cat's claw, choyanga chamaluwa achikasu chokhala ndi tizikhadabo titatu ngati ta mphaka, chimakwera mtengo mpaka kuupha ndipo pansi chimaika timbatata tomwe ukasiyako kamodzi kamaphukanso, takumbapo ife mpaka manja matuza. Chomwe ndingakuuzeni kuti muyese ndi plumbago, kwawo ndi konkuno ku South Africa, maluwa ake abuluu owala ngati kumwamba m'mawa, alibe minga, chilala amapirira, mukafuna mumamusiya ngati kamtengo mukafuna mumamutsamiritsa ku waya amakwera yekha pang'onopang'ono. Timaluwa take timamata pa zovala ndi m'tsitsi, ana a mabwana kuno amatiika m'makutu ngati ndolo.

Mayi wa ku 49:
Achimwene a ku Joni plumbagoyo ndamuona pa chithunzi pompano, ndi wokongola bwanji. Kuno amapezeka?

Mayi wa nazale ku Bvumbwe:
Amapezeka amayi, ambiri ogulitsa amangoti ka buluu. Ndipo mukaona pakhomo pa munthu ingopemphani, amaphukira m'mbali timphukira tokhala ndi mizu kale, mumangozula kamodzi n'kukadzala. Kungoti utomoni wake anthu ena umawayabwa nde podula muzisamba m'manja.

Wa ku Salima:
Kuno kunyanja nkhani ndi ina abale, zambiri mukutchulazi ndi za kumtunda kozizira. Ife chomwe chimachita bwino ndi boganivila, frangipani, ixora wofiira uja ndi choyanga chapinki chamasamba ngati mtima chija amati coral vine. Chimenechi njuchi zimachikonda koopsa, m'mawa ukamadutsa umangomva wuuu. Koma ndikuuzeni ndinadzala kamodzi kokha pa bafa lakunja pano chili ponseponse mpaka mu mpanda wa aneba, chimagwetsa njere komanso chili ndi timbatata pansi, ukatentha chimaphukanso mvula yoyamba. Pakhomo pa ana aang'ono ndi njuchi zimenezo pafupi ndi khonde ine sindingalimbikitse.

Bambo wa ku Dedza:
Inu nonse mukukamba zamaluwa osadya. Amayi dzalani magalagadeya pa wayapo, duwa lake ndi lokongola kuposa ambiri mwatchulawa, loyera ndi pepo ngati wotchi, mthunzi mupeza, ana adya zipatso, juwisi mupanga. Fensi yanga yonse ndi magalagadeya ndipo chaka chisanathe chidzalireni tinayamba kutola

Wa ku Chilomoni:
Apa nde mwanena bambo, koma madzi? Mayiwa akuti bilu

Bambo wa ku Dedza:
Eya pamenepo ndivomere, amafuna madzi makamaka akamachita maluwa, mukawamana zipatso zimayoyoka zisanakhwime kapena zimakhala zopanda kanthu mkati. Komanso sakhalitsa, zaka zitatu kapena zinayi mpaka zisanu amayamba kufooka, masamba kukwinyika zipatso kulimba chikopa, nde umazula n'kudzala ena pamalo ena. Akuda aja amakonda kozizira ngati kuno, kotentha bola achikasu. Koma mbewu ziwiri zokha pafupi ndi pomwe mumatsukira mbale, madzi otsukuluzira omwewo akwana, asakhale a sopo wambiri kapena a jiki.

Aphunzitsi opuma a ku Zomba:
Ndibwerenso ndi chimodzi chomwe ndimachikonda kuposa zonse ndipo palibe wachitchula, petrea. Masamba ake mukawagwira ndi okhakhala ngati sandipepa, maluwa ake apepo amalendewera m'mitolo italiitali nthawi yomwe majakaranda akuchita maluwa, ndipo timaluwato tikamagwa timazungulira ngati kandege, zidzukulu zanga zimakhalira kutola n'kumaponya m'mwamba. Alibe minga, salusa ngati golden shower, akakhazikika chilala sachiopa. Chilema chake ndi chimodzi, ndi waulesi poyamba. Zaka ziwiri zoyamba mudzaganiza kuti anakugulitsani chakufa. Nde amafuna munthu wodekha amene nyumbayo ndi yake, wa lendi asavutike. Amene muli pafupi ndi Zomba mukalowe ku Botanic Garden kuno mukayende pang'onopang'ono, kuona chomera chitakula msinkhu wake weniweni kumathandiza kusiyana ndi kuchiona mu chubu chili ndi masamba anayi.

Mayi wa ku Harare:
Ndikuwerenga kuchokera kuno ku Zimbabwe, makolo anga ndi a ku Ntcheu. Ndingoti pa zoyanga musaiwale zathu zomwe za m'tchire, si zonse zokongola zinachokera kunja. Flame lily amene ndi duwa la dziko lino amamera yekha nthawi ya mvula, amakwera pogwira ndi nsonga za masamba ake, maluwa ofiira ndi chikasu opindikira m'mwamba ngati lawi la moto, ndipo ku Malawi aliponso m'tchire. Koma anesi andivomereza, ndi poizoni kwambiri makamaka kambatata kake kapansi, nde kwa inu amayi ayi dikirani ana akule. Chomwe mungadzale ndi black-eyed Susan, kachoyanga kamaluwa aolenji kokhala ndi diso lakuda pakati, ndi kakuno ku Africa konkuno, kopepuka, kamakwera waya msanga chaka chomwecho, kangakutsekereni maso pomwe mukudikira petrea wa agogowo.

Nesi wa ku Mzuzu:
Ndavomera asisi, flame lily ayi ndithu pakhomo pa ana

Mayi wa ku 49:
Nanga hibisikasi bwanji abale, palibe wanenapo. Mayi anga anali nayo kumudzi yofiira ndipo ndimaikonda

Mayi wa nazale ku Bvumbwe:
Hibisikasi ndi bwenzi la ana amayi, alibe minga alibe poizoni, ndi m'bale wake wa therere ndi chidede, mukaona duwa la therere mudzaona kufanana. Duwa limodzi limakhala tsiku limodzi kapena awiri n'kugwa koma mawa kwatuluka ena, pafupifupi chaka chonse ngati akupeza chinyezi. Tengani wakale wofiira wamaluwa apatalipatali uja ngati wa mayi anuwo, ndi wolimba, mitundu yatsopano yamaluwa akuluakulu ngati mbale imafuna kuilera ngati khanda. Adani ake ndi atatu. Mbuzi, zikalowa pageti zimayambira iyeyo. Nsabwe za m'masamba ndi tizilombo toyera ngati thonje tija tomata kunsonga, mukationa msanga sungunulani sopo pang'ono m'madzi muwaze madzulo dzuwa litapepa, nsonga zogwidwa kwambiri dulani mutenthe. Wachitatu chiswe, makamaka mu Okutobala chomera chikafooka ndi ludzu, nde mukaika udzu wophimbira pansi usagunde tsinde, siyani mpata ngati chikhatho. Pa madzi ndisakunamizeni, hibisikasi si boganivila, chilimwe amafuna ndowa imodzi kawiri pa sabata pa mtengo ulionse apo ayi masamba amachita chikasu n'kuyoyoka. Nde musadzale mzere wonse wa fensi, dzalani itatu kapena inayi pomwe mumakhala.

Bambo wa ku Namiwawa:
Ndiwonjezere yesterday today and tomorrow, kamtengo kamene duwa limatuluka lapepo, mawa lake latuwirako, mkuja layera, nde pamtengo umodzi mitundu itatu ndipo fungo lake madzulo mu Sepitembala ndi labwino zedi. Kuno ku Blantyre ndi chiperoni chathuchi amasangalala

Mnyamata wa ku Joni:
Bambo ameneyo ndi wabwino koma mayiwa ali ndi galu. Tizipatso take agalu amatafuna ndipo timawagwetsa khunyu, kuno mabwana okhala ndi agalu amatiuza tizule. Komanso dzuwa la Lilongwe pa khoma la njerwa lotentha sangakondwe, amafuna kamthunzi

Bambo wa ku Namiwawa:
Aaa zagaluzo sindimadziwa, zikomo achimwene. Nde mayi musiyeni ameneyo

Wa ku Area 25:
Funso langa nlakuti boganivila ndimadzala nthambi koma sizigwira, ndayesa katatu. Ndikulakwitsa pati

Mayi wa nazale ku Bvumbwe:
Mwina mukutenga nsonga zanthete. Tengani nthambi yokhwima yonenepa ngati pensulo, kutalika ngati chikhatho ndi theka, chotsani masamba onse kusiya awiri pamwamba, zikani theka mu chubu cha mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi dothi pang'ono, ikani pamthunzi, madzi ongonyowetsa osati chithaphwi. Ndipo musamazule kuti muone ngati mizu yatuluka, apa nde ambiri amaphera. Dikirani miyezi iwiri ngakhale itatu. Dzalani khumi, zikagwira zinayi mwapambana. Pokaika m'munda ng'ambani chubu ndi lezala mosamala dothi lisasweke, mizu ya boganivila ndi yosachedwa kuthothoka, ikagwedezeka chomera chimakhala miyezi chitangoima. Miyezi yoyamba muzithirira ndithu, zoti safuna madzi zija ndi akakula.

Wa ku Area 25:
Kuzula kuona mizu nde ndimapanga sabata iliyonse. Ndayamba mawa kuyesanso

Mayi wa ku 49:
Abale zikomo nonse, ndakhala pansi ndi bambo akunyumba usiku uno tawerenga zonse kuyambira pamwamba. Tagwirizana chonchi. Khoma lakuseri komwe ana safikako ndipo ndi komwe timaopa akuba tidzala boganivila itatu pa waya, kunsi tizisadza ngati mmene anenera agogo a ku Zomba ndipo zodula tizitentha tsiku lomwelo. Kutsogolo komwe ana amasewera plumbago m'mbali mwa fensi ndi hibisikasi wofiira atatu pafupi ndi khonde, nthambi ndikatenga kwa mayi anga kumudzi ndikapita mwezi uno. Pa geti petrea mmodzi, tidikira zaka ziwirizo nyumba ndi yathu. Magalagadeya awiri kuseri kwa khitchini. Duranta ndi golden shower tasiya, wometa palibe. Aneba ndawauza za wachikasu uja, anadabwa kwambiri akuti amuna awo adula Loweruka. Mayi a nazale, maenje ndikumbiretu pano kapena ndidikire mvula?

Mayi wa nazale ku Bvumbwe:
Kumbiranitu pano amayi dothi likadali louma, thiranimo manyowa musakanize mukwirire, pakhale milungu itatu kapena inayi. Kudzala dikirani mvula igwe yolowa pansi kawiri kapena katatu, yoyamba ija yongonunkhitsa fumbi isakupusitseni. Waya kokanitu mbewu zisanalowe pansi kuti musadzazipondeponde.

Mayi wa ku 49:
Chabwino ndamva. Mawa ndikagula waya ndi misomali, mnyamata wokumba abwera Lachiwiri